Akusefa ana pasukulu pathu

Okondedwa alamu,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi achemwali anga ndi ana onse ku Zombako. Kuno ku Chintheche tili bwino, ndipo mwendo wa Ama, mayi athu, wayamba kuphwa.

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa kusukulu pa nkhani ya mwana wanga Wezi. Mayeso a Sitandade 7 anakhoza, anali nambala 31 mwa ana 58. Ndinawerengetsanso malikisi ake kawiri, palibe cholakwika. Koma ahedi akuti abwereze, chifukwa mu Sitandade 8 mulowa ana 25 okha.

Ndinafunsa mwaulemu chifukwa chake. Iwo anati, "Ada Longwe, chaka chatha sukulu yathu inali kumunsi pa mndandanda wa zotsatira, ndipo akuluakulu anatinyoza pamsonkhano. Chaka chino tikusefa. Alembe okhawo amene sangatichititse manyazi."

Ndinati, "Aphunzitsi, timasefa ufa wa kondowole. Wezi ndi munthu."

Anaseka, nati, "Mudzandisungira ntchito ndinu akandichotsa?"

Alamu, mtima ukundiwawa. Sukulu idzatamandidwa kuti ana onse akhoza, koma ana 33 otsalawo sawerengedwa paliponse. Wezi ali ndi zaka 15. Dzulo anandiuza kuti sangakhale kalasi imodzi ndi mng'ono wake, bola akayanike usipa ku Kande.

Chonde mukamupemphere malo a Sitandade 8 pasukulu ya kwanuko. Ufa ndi yunifolomu ndizitumiza ine. Mundiyankhe sukulu zisanatsegulidwe, chifukwa Wezi wayamba kale kugawira mng'ono wake makope ake.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu,
Yesaya Longwe