Msana wa Sumaiya

Lolemba, 14 Okutobala

Sumaiya wapsa ndi dzuwa. Msana, khosi, makutu, zonse psuu. Ndachititsa ndine. Ndinapita naye kumunda kukasosa, n'kumukhazika pansi pa mtengo wa mango, koma mthunzi unasuntha ine ndili kalikiliki ndi khasu. Chipewa anavula, ati chimayabwa. Mwana wachialubino, dzuwa la mwezi uno kuno ku Nayuchi!

Nanga ndikanamusiyira ndani? Chipitireni bambo ake ku Joni, sindimusiya ndi munthu. Zimene amawachita ana onga iye ndimazimva pawailesi.

Lachiwiri, 15

Matuza paphewa. Akugona chafufumimba, malaya sakufuna kuti amukhudze. Kuchipatala ati mafuta oteteza ku dzuwa anatha, ndikayesenso mwezi wamawa. Anamwino angoti ndizimuika nsalu yonyowa, ndizimumwetsa madzi ambiri. Mtsuko wonse wathera pamsana pake.

Lachitatu, 16

Abiti Yasini, oyandikana nawo nyumba, andipeza nditagwira singano, ndikuti ndiboole matuza.

“Iyayi mayi ake Sumaiya, osaboola. Chikhala chilonda.”

Anabwera ndi masamba a alovera a kuseri kwa bafa lawo. Anang'amba limodzi n'kumupaka madzi ake onanda aja pofiirapo, pang'onopang'ono, kulambalala matuza. Mwana anapumira m'mwamba, ati kukuzizira bwino.

Ine maso anali pamanja pawo basi. Sitinayankhulane bwino chichitikireni zija chaka chatha, pamene mwana wawo Sufiyani anakuwa kuti ndalama ikudutsa, akuloza Sumaiya. Abiti atachoka ndinamuyang'ana Sumaiya m'mutu ngati sanamudule tsitsi. Manyazi andigwira polemba izi, koma ndinayang'anadi.

Lachinayi, 17

Abweranso kawiri. Tsitsi lonse lilipo.

Lachisanu, 18

Khungu layamba kusupuka, kufiira kwachepa. Alhamdulillah. Koma mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mozambiki, munda ngakhale theka sunakwane. Mvula ikandipeza chonchi tidya chiyani?

Abiti ati ndiziwasiyira mwana pakhonde pawo mpaka ndimalize. Ati iwo anamukwapula Sufiyani tsiku lomwe lija, kungoti ine sindinawapatse mpata wopepesa. Ndayankha kuti zikomo, tiona. Mumtima ndinali nditakana kale.

Pomupaka madzulo, Sumaiya wandifunsa ngati mawa tipitanso kumunda. Ndati eya, ndikumangira nsalu pamtengo. Iye wati:

“Amayi, anthu mumawaopawo sindinawaonepo. Koma dzuwa limandipeza tsiku lililonse.”

Zaka zisanu ndi chimodzi zokha mwana ameneyu.

Loweruka, 19

Ndamusiya.

Malangizo ndinachita kuwabwereza katatu mpaka Abiti anaseka, ati pitani, khasu likudikira. Ndinafika pa mjigo n'kubwerera mozemba, kukasuzumira pampanda. Sumaiya anali pamkeka mumthunzi, chipewa kumutu, akutongola chimanga ndi Abiti. Sanandione.

Njira yonse yakumunda dzanja lamanzere linali lotambasula, kufuna kugwira kadzanja kake. Ndapanga mizere khumi ndi iwiri. Ndatembenukira kumudzi kosawerengeka, koma sindinabwererenso.