Msonkhano wa Komiti ya Chipatala cha Mpasanje pa za Maphunziro a Namwino Conceição

Tsiku: Loweruka, 9 Novembru 2024
Malo: Khonde la chipatala cha Mpasanje, dera la Chiuta, Mecanhelas
Analipo: a Alexandre Cassimo (Wapampando), Débora Matias (Mlembi), a Bwanausi Waziri (oimira asodzi), mayi Saumu Waziri (oimira amayi), a Vitorino Jasse (oimira amalonda), Shehe Yasini Omar
Woitanidwa: namwino Conceição Amisse
Sanabwere: mayi Anisa Mussa (ali ku maliro)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 9:20 m'mawa ndi pemphero la Shehe Yasini. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa.

2. Pempho la namwino lopita ku maphunziro

Wapampando anati namwino wathu wasankhidwa kukachita kurusu ya zaka ziwiri ku Nampula, ya unamwino wapamwamba wa matenda a maganizo, kuyambira Fevereru. Akuluakulu a ku distritu akufuna kumva maganizo a komiti asanamumasule. M'malo mwake adzatumiza namwino wamwamuna amene wangomaliza sukulu.

Namwino anafotokoza kuti odwala maganizo akabwera iye amangowapatsa mankhwala ogonetsa n'kuwatumiza ku Cuamba, ndipo ambiri safikako. Anati akaphunzira azidzawayeza, kuwalembera mankhwala ndi kuwayendera konkuno.

A Bwanausi anakana. Anati chimene chikupha anthu kunyanja ndi malungo ndi uchembere, amisala ndi owerengeka. Anawonjezera kuti wopita kumzinda sabwerera.

Shehe Yasini anati amayi ambiri sadzalola kuonedwa ndi mwamuna, choncho adzayambanso kuchirira kunyumba. Namwino anayankha kuti mzamba akutsala. Shehe anati mzamba ndi mmodzi, ndipo naye amadwala.

A Vitorino anafunsa ngati namwino angalumbire kuti adzabwerera. Namwino anati mtima wake uli kuno, koma sangalumbire chifukwa wosamutsa antchito ndi boma. A Bwanausi anauza Mlembi kuti yankholi alilembe bwinobwino. Lalembedwa.

Mayi Saumu, amene ndi mlongo wa a Bwanausi, anaimirira n'kunena kuti a Bwanausi si munthu woti anganene kuti odwala maganizo ndi owerengeka. Wapampando anapempha kuti za pabanja zisalowe mu msonkhano. Mayi Saumu anakana kukhala pansi ndipo anati mawu awo alembedwe monga awanenera:

"Achimwene, Jabiri ndi mwana wanu, koma amayi ake atamwalira ndinamulera ndine. Anthu mukuwauza kuti ali ku Malawi. Ali m'nyumba yosungira nsomba, unyolo kumwendo, chiyambire dzinja lathali. Chakudya ndimam'pititsira ndine. Mwendo uja watupa."

Wapampando anamenya tebulo kangapo kuti anthu akhale chete.

A Bwanausi anaimirira. Anati sanamange mwana wawo chifukwa cha nkhanza. Anafotokoza kuti Jabiri, amene anali msodzi wolimba, anayamba kumva mawu omuitana m'madzi, ndipo tsiku lina analowa m'nyanja ndi zovala zomwe. Anamuvuula ndi iwo eni, atamwa kale madzi. Anapita naye kwa asing'anga ku Amaramba, osasintha. Kenaka anafunsa komiti kuti: "Mukanakhala inu, mukanatani?"



A Bwanausi anapempha kuti dzina la mwana wawo lifufutidwe m'zolembedwazi. Mayi Saumu anati dzinalo labisika mokwanira. Wapampando anagamula kuti dzina likhale, koma bukuli lisawerengedwe kunja kwa komiti. A Bwanausi anatuluka, ndipo msonkhano unayamba waima.

A Bwanausi atabwerera, namwino anati nkhaniyi sankaidziwa, ngakhale amadutsa pa nyumbayo popita ku katemera. Anati matenda otere ali ndi mankhwala, koma iye pakadali pano sadziwa kuwasankha. Chimene angathe n'kutsuka bala ndi kuitana wa zamaganizo wa ku distritu, amene amabwera mwa apo ndi apo. Anati sakulonjeza kuti Jabiri achira.

Shehe Yasini anati chisoni cha nkhaniyi chisaphimbe funso lawo, chifukwa m'zaka ziwirizo amayi adzakhala akubereka ndithu.

Wapampando anaitanitsa voti ya manja. Ovomereza: mayi Saumu, a Vitorino ndi Mlembi. Wokana: Shehe Yasini. A Bwanausi sanakweze dzanja mbali iliyonse.

Chigamulo: komiti yavomereza kuti namwino apite. Wapampando akapemphe ku distritu kuti wolowa m'malo akhale wamkazi. Shehe anati kukana kwawo kulembedwe. Kwalembedwa.

3. Zina ndi zina

A Vitorino anayamba kunena za tayala la njinga yonyamulira odwala, koma Wapampando anati nkhaniyo idikire msonkhano wina.

A Bwanausi anapempha kuyankhula. Anafunsa ngati namwino angakaone Jabiri lero lomwe. Namwino anavomera. Anafunsanso ngati a Vitorino, amene amakonza njinga, ali ndi serote yodulira chitsulo. Wapampando atafunsa za kiyi, a Bwanausi anati kiyi wa kadeyadu, loko wa unyolowo, anamuponya m'nyanja tsiku lomwe anamanga mwanayo, poopa kuti akamva kulira kwake adzam'masula.

Namwino anati unyolo usadulidwe iye asanayankhule ndi Jabiri mwini wake, komanso pasanapezeke anthu osinthana kukhala naye. Mayi Saumu analembetsa dzina. Shehe Yasini nawonso analembetsa.

4. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 14 Dezembru 2024, pamalo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano 12:10 masana. Pemphero lotsekera silinachitike chifukwa Shehe anali atanyamuka kale ndi namwino, a Bwanausi ali patsogolo.

Alexandre Cassimo, Wapampando

Débora Matias, Mlembi