Galasi la ababa

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndirande fumbi lokhalokha. Ababa pamakina kuyambira m'mawa, pakhonde la golosale ya mai Sibongile. Ulusi ukukana kulowa pasingano. Anyowetsa, aphonya. Anyowetsanso. Akuti singano za masiku ano zilibe zibowo. Ndinawalowetsera ngati ndikungosewera.

Zovala zomaliza ndimabwera nazo kunyumba kudzasita. Zimene sadziwa: ndisanasite ndimamasula mopinda monse mokhota, n'kusokanso pamanja. Ndinayamba nthawi ya mvula. Sanandiphunzitsepo. Ankati mwana wawo sadzakalambira pakhonde, apite kusukulu. Sukuluyo ndinalekera Sitandade 7. Kusoka ndinaba ndi maso.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kuchipatala cha maso. Ababa anavomera chifukwa ndinayamba kulira. Adokotala akuti shuga wawononga mkati, magalasi ovala sathandiza kwenikweni. Akuti tipeze galasi logwira pamanja, lokulitsa zinthu, lokhala ndi katochi. Ababa mu minibasi: "Ine a Venansio, telala wa Ndirande yonse, ndiziyenda ndi galasi ngati wapolisi wa m'filimu?" Kondakitala anaseka. Ine ndinayang'ana pawindo.

Madzulo mai Sibongile anandiitanira kuseri kwa mafiriji. Siketi ina inatengedwa isanafike kwa ine, mwini wake wadandaula. Mphwawo Ricky wamaliza kosi ya zosoka, akufuna khonde. Akuti aona mwezi ukamatha. Analankhula mwaulemu, anandipatsanso bani. Baniyo ndinadyera kunyumba.

Khonde likapita ababa azikhala pati? Chimwalirire amayi, macheza awo onse ndi pamenepo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ku Limbe ndekha. Ndalama ya chipereganyu, imene ndimati ndigule nsapato. Shopu ya mawotchi ndi matochi. Magalasi ambiri m'kabati, ena ngati sosala, ena ngati chivundikiro cha botolo. Wogulitsa, a Hafizi, anafunsa kuti ndi la ndani, la ntchito yanji. Anthu kumbuyo kwanga. Ndinangoloza lalikulu kuposa onse. Lalikulu ndiye lamphamvu, sichoncho? Ndinayang'ana chikhadabo changa, chinaoneka bwinobwino. Ndinalipira, n'kuthawa.

Mu minibasi ndinaliyatsa m'chikwama kangapo. Kusangalala ngati mwana.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndawapatsa titachokera ku Misa. Analitembenuza, analiyatsa, maso anatuluka misozi. Kuwala koyera kwambiri, akuti ngati galimoto ikubwera kutsogolo. Anayesa pa nsalu. Kenako: "Mwana wanga, ndikuona chifunga chomwe chija, koma chanenepa."

Anaona nkhope yanga. Anayamba kuliyamikira, chogwirira chake, kulemera kwake. Akuti likhala lophera udzudzu. Ndinaseka nawo. Kubafa ndinalira.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

A Laurenti a kwaya abweretsa jekete yakuda, afupikitse mikono, ukwati wa mwana wawo pa 30. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda. Akuti amakhulupirira a Venansio okha. Ananena mokweza, mai Sibongile ali pakhomo. Ricky naye alipo, akudya chingamu, akuyang'ana pamene pali makina.

Ababa aipachika jeketeyo pa msomali. Sanaikhudze.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Ndinawanamiza kuti ulusi wa ku Limbe watsika mtengo. Anabwera. Titafika pashopu ya mawotchi anazindikira. "Iwe wofatsawe ndiwe tsotsi." Koma analowa.

Usiku wonse ndinakonzekera mawu. Anatuluka theka. A Hafizi anamva. Akuti, "Achemwali, nsapato ya mdala mumayesa ndi phazi lanu?" Akuti lalikulu limakulitsa pang'ono. Laling'ono limakulitsa kwambiri, koma umaona kamalo kochepa, ndipo umaliyandikiza kudiso. Ine sindinkadziwa. Palibe anandiuza. Inenso sindinafunse.

M'thumba ndinatenga singano ndi kachigamba kakuda kosokedwa. Ichi chokha ndinaganiza ndekha. A Hafizi anayala magalasi pakauntala. Ababa kusankha ngati akusankha mkazi. Ili lolemera, dzanja linjenjemera. Ili kabatani kake kakufuna chikhadabo cha mtsikana. Ili mabatire ake ndi tija ting'onoting'ono ta m'wotchi, ku Ndirande tikatipeza kuti? Laling'onong'ono linawazunguza mutu.

Lapakati, lowala mofiirira ngati dzuwa la madzulo. Mabatire a mu limoti. Analiika pa kachigamba, kulikweza, kulitsitsa. Kenako motsitsa mawu: "Ulusi uwo." Ndi chala akuutsata.

A Hafizi anasintha osawonjezera kanthu. Ababa anawalonjeza kuwapindira thalauza. Pobwera anagula chimanga chootcha, theka ine theka iwo, ngati kale.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Vuto lina. Galasi likufuna dzanja, singano ikufuna dzanja, nsalu ikufunanso lake. Anayesa kuluma chogwirira. Amayi ogulitsa tomato pambali pathu anaseka mpaka kugwetsa mulu. Basi ndinagwira ine, iwo akumasula mkono wa jekete. Mutu wanga pafupi ndi wawo. Imvi zachuluka. Fungo la mafuta a makina ndi sopo. "Kweza. Tsitsa. Usapume kwambiri, ukugwedeza dziko."

Akuyang'ana chilichonse tsopano. Nyerere. Zilembo za pa botolo la mankhwala. Chithunzi cha amayi, nthawi yaitali. Akuti anali ataiwala kachipsera ka pachibwano.

Lolemba, 18 Ogasiti

Sindinaganizire ichi. Diresi ya yunifomu ya amayi a mpingo a Dorcas, yosita kale, ikudikira mwini wake. Ababa anaitenga kuti aone ntchito yawo pagalasi. Anatembenuza mopinda. Anayenda nalo galasilo pang'onopang'ono. Anatenganso yunifomu ina. Kenako ina.

"Msoko uwu wapendekera kwina. Wasoka ndi wamanzere."

Kwathu wamanzere ndi mmodzi. Ndili Sitandade 1 anapita okha kukauza aphunzitsi kuti asiye kundimenya dzanja.

Anafunsa kuti kuyambira liti. Ndinati mvula. Anazimitsa katochi, anaika galasi m'thumba la malaya. Pobwerera kunyumba iwo kutsogolo, ine kumbuyo ndi mutu wa makina. Chakudya anangotsina.

Ndikanangowasiyira galasi lalikulu lija. Ayi. Kaya.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Sakukalipa. Bola akanakalipa. Jekete ili pa msomali, mkono umodzi womasula.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Dzulo m'mawa anabwereka mpando kwa amayi a tomato, anauika pambali pa makina. Anandipatsa jekete. Pakhonde, anthu akudutsa. Akuti zoduladula ndi misoko yaitali ndi zawo, zapamanja ndi zanga, galasi agwira okha. Akuti zosoka mobisa ngati wakuba zatha.

Ndasoka masiku awiri, iwo ali pakhosi panga ndi katochi. "Apa wadumpha. Masula. Apa wakoka kwambiri." Ndinamasula kambirimbiri. Atelala awa ndi ovuta! Pomaliza anayendera mkono wonse, sananene kanthu. Kwa iwo kumeneko ndiye kuyamikira.

A Laurenti ayesa, mikono ndendende. Mai Sibongile anatuluka kudzaona. Ababa osadzutsa mutu: "Mayi, Ricky wanuyo ndi mmodzi. Pano tilipo awiri ndi galasi." Mayiwo anaseka, akuti tikambirana. Sanatchule za kutha kwa mwezi. Mwina. Sindikudziwa.

Tikulongedza ababa anandigwira dzanja lamanzere, analiika pansi pa galasi. Nsonga za zala zobowokabowoka. Anayang'ana nthawi yaitali ngati chithunzi chija. Anavula kachitsulo kawo kovala kuchala posoka, kamene sabwereketsa munthu. Kakulu, kanagwa. Anakulunga kansalu mkati, anandivekanso.

"Mayi ako akanandipha."

Sindinakavule. Ndi chifukwa chake zilembozi zikukhota.