Firiji Yaulere ya ku Ñorquinco

Lolemba, 15 Julaye

Tafika kunyanja ya Ñorquinco dzuwa litapendeka. Pakampu ponse tili tokha, ife ndi Paloma, chigalimoto chimene mwamuna wanga Casimiro wakhala akuchikhoma kuseri kwa nyumba chipumireni pantchito, mpaka chasanduka nyumba yoyenda. Mwini malo, mayi Ermelinda, anatuluka ndi agalu awo n'kusuzumira nambala ya galimoto. "Formosa? Anthu a kotentha inu, mwatsata chiyani kuno mu Julaye?" C. akuti, "Ndinalonjeza nkhalamba yangayi kuti idzaona chipale chofewa isanafe." Ine ndati ayambe kufa ndani, ine kapena iwe ndi shuga wakoyo?

Chipalecho ndachionadi, pamwamba pa mapiri. Kukongola ndiye n'kosayamba, koma zala zakumapazi sindikuzimva.

Ndinati ndibweze galimoto pang'ono kuti zenera liyang'ane kunyanja, C. ali kuchimbudzi. Anatuluka chothamanga, lamba ali m'manja. Munthu wakalambira pa mabasi, chiwongolero chake sichigwidwa ndi wina. Laisensi ndili nayo, kagalimoto kathu kakang'ono ndimapita nako kumsika popanda kugunda munthu, koma mu Paloma ntchito yanga ndi imodzi basi. Kukhala kumanja, fulasiki pamiyendo, kuthira madzi otentha m'chikho cha maté, tiyi wathu womwera pa kampope, n'kumapatsira adalaivala.

Lachiwiri, 16 Julaye

Dzuwa silinatuluke, ndiye sola yapadenga ili chigonere. C. wayang'ana batire n'kunena kuti tisankhe, firiji kapena kachotenthetsera. Tazimitsa firiji.

Nthawi yomweyo ndinaganiza za insulini wake, mankhwala a shuga aja. Kwathu magetsi akathima mu Januwale ndimathamanga nako kabokosi kameneka kwa aneba ngati ndanyamula mwana wodwala. Chaka china tinataya wa mwezi wathunthu chifukwa cha kutentha. Koma lero ndadziseka ndekha. Zulma iwe, dziko lonseli si firiji? Ndakaika m'kabati yakunja ija, momwe mumakhala matcheni a matayala ndi jeke. C. waombera m'manja, "Mutu umenewo, nkhalamba! Firiji yaulere!" M'kati ndangosiya jakisoni amene akugwiritsa ntchito panopa.

Madzulo chipale chayamba kugwa pompano pakampu. Tinatuluka ngati ana, kukamwa yasa.

Lachitatu, 17 Julaye

Sichinasiye. Chafika m'mawondo. Mayi E. akuti msewu watsekeka mbali zonse ziwiri.

Lachinayi, 18 Julaye

Ndilembe ndithu.

Jakisoni wam'kati uja watsala pang'ono kutha, ndiye m'mawa ndinapita kukatenga wina. Chitseko cha kabati chinachita kufuna madzi otentha kuti chitseguke. Insulini yense waundana, gwa ngati mwala. Kabotolo kamodzi kachita kung'aluka.

Ndinathamangira kwa mayi E. nditafumbata kabokosi. Anakayang'ana, kenako anatsegula firiji yawo. Mazira, mkaka, ngakhale mankhwala a nkhosa, zonse zili m'menemo, firijiyo ili yozimitsa. "Mwana wanga, kuno firiji ndi bulangete. Timabisamo zinthu kuti chisanu chisazipeze." Sananditonze. Akananditonza bwenzi nditapeza wokalipirana naye.

Foni kuno sigwira. Iwo ali ndi wailesi yolankhulirana ndi alonda a nkhalango, ndipo alondawo anatilumikiza ndi namwino wa ku Aluminé. Mawu ake amvekere kudukaduka: insulini akaundana wafa, ngakhale asungunuke musamudalire. Amwe madzi ambiri, asadye buledi kapena mbatata. Akayamba kusanza mutiuze msanga. Ambulansi siingadutse mpaka giredala itapala msewu.

C. waseka. Wapana majakisoni aja m'khwapa ngati nkhuku yofungatira. "Mankhwala ndi ngati dizilo, akatenthedwa amayenda. Usalire, nkhalamba, ukuwononga madzi." Sananene n'kamodzi komwe kuti ndine ndinawaika kunja. Kusanenako kukundipweteka kuposa chitonzo.

Wotsala uja ndamuika m'kamisolo. Sachokamo.

Lachisanu, 19 Julaye

Wabwino uja watha m'mawa. Masana C. wadzibaya wosungunula uja ine ndikukana. Ngati wadzibaya madzi. Kamakina koyezera shuga kakungokwera.

Takangana. Iye anatenga fosholo, ati akumba njira mpaka kumsewu, ati Paloma akavala matcheni palibe chomuimitsa. Ndinamulanda fosholoyo n'kuiponya m'chipale. Ndati, mdala, ukafera pamenepa ndikusiya pompo, ukauma bwino ngati mankhwala akowo. Anandiyang'ana, n'kubwerera m'galimoto. Pakamwa pangapa padzandipha.

Mayi E. atiitana kuti tizikhala kukhitchini kwawo masana. Pa ola la mauthenga a anthu akumidzi anakweza wailesi ina yomvera nkhani, agalu omwe anakhala chete. Wakuti akuuza mlamu wake kuti ng'ombe zapezeka. Wakuti wabereka mwana wamkazi, onse ali bwino. Kenako: "Kwa alendo a ku Formosa amene ali kwa mayi Ermelinda, giredala ikuchokera mbali ya kumtunda, ikafika mphepo ikaleka. Mwana wanu Noelia wauzidwa, akuti bambo amvere mayi." C. akuti, "Taonani, dziko lonse lamva tsopano kuti ndimalamulidwa."

Mayi E. anatiwotchera nyama ya nkhosa kuti C. adye yopanda buledi. Anangoitosatosa. Madzi okha ndiye akumwa ngati ng'ombe, n'kumatuluka panja kawirikawiri.

Loweruka, 20 Julaye

Mphepo ikadalipo. Ikuchita kugwedeza Paloma ngati bwato.

C. akundibisira china chake ndipo ndachigwira. M'mawa anafuna kulizako injini kuti batire isafe. Ndinamuona akufufuza pobaya kiyi ndi chala, ngati munthu ali mumdima, kunja kukuwala mbee. Ndinamufunsa kuti galu amene wakhala pakhomo la mayi E. ndi wakuda kapena woyera uja. Akuti wakuda. Panalibe galu, chinali chidebe.

"Maso achita chifunga pang'ono basi," akutero. "Msewu ndimaudziwa ndi matako, sindifuna maso."

Sindinaseke. Ndili ndi mantha, mantha enieni. Munthu uyu ndakhala naye kuyambira ndili mtsikana wogulitsa chipá, timabanzi ta chinangwa, pasiteshoni ya mabasi, iye akugula tiwiri tsiku lililonse pomwe sankatikonda n'komwe. Ndiye ndimutaye chifukwa cha nzeru zanga za firiji yaulere?

Chakumadzulo wasanza. Mpweya wake ukununkha ngati zipatso zoola. Mayi E. anakuwa pawailesi paja mpaka mawu anasasa. Yankho: giredala inyamuka m'bandakucha, mphepo kaya ileke kaya isaleke. Ambulansi ibwera kuchokera ku Aluminé mpaka pamlatho, kupitirira apo chipale chatseka. Ife titsate giredala pambuyo mpaka tikakumane nayo.

Titsate. Ayendetse ndani? Mayi E. amangodziwa hatchi. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Lamlungu, 21 Julaye

Ndikulemba ndili pabenchi, pachipatala cha Aluminé. Ali moyo. Amuika madiripi manja onse awiri. Adokotala akuti tafika nthawi itatsala pang'ono kutithera, ndipo akhala akumuyang'anira mpaka shuga atatsika.

Mmene zinayendera. Kusanache bwino mayi E. anakokera makala amoto pa lata n'kulowetsa pansi pa injini ya Paloma kuti itenthedwe. C. akanakhala bwino akanakomoka poona zimenezo. Giredala inafika ikuthwanima nyali yachikasu. Woyendetsa wake, bambo wandevu dzina lake Nahuel, anatimangira matcheni n'kufunsa kuti dalaivala ndani. M'giredala muli mpando umodzi wokha, sakanamutenga C.

C. anadzikoka mpaka kuchitseko chakumanzere. Anagwira chogwirira, mwendo kukana kukwera. Ndinati, "Casimiro, ndipatse makiyi." Akuti, "Sunayendetsepo pa chipale." Ndati, "Nawenso sunayendetsepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndikuona." Anaima pamenepo akupuma mofulumira. Kenako anazungulira kutsogolo kwa galimoto atagwira boneti, n'kukakhala kumanja. Makiyi anawasiya pampando wanga, sanandipatse m'manja.

Mayi E. anaponya fulasiki ndi chikho pawindo. Ndinafuna kuwalipira za kampu, anandikankha. "Pita iwe! Udzabwere m'chilimwe ngati anthu anzeru."

Nahuel anandiuza zitatu: giya yachiwiri, usaponde buleki, usachotse maso pa nyali yanga. Paloma ndi wolemera ngati nyumba, inde ndi nyumbadi. Mapoto akulira kumbuyo, matcheni akukukuta pansi. Kumanja phiri, kumanzere mtsinje uli pansi penipeni, wakuda bii. Pamalo ena otsetsereka matako a galimoto anayamba kupita okha cha kumtsinje. Phazi langa linathamangira pa buleki. C., maso ali chitsinzinire, anangoti, "Usaponde. Mulekere, abwerera yekha." Ndinachotsa phazi, ndikutchula oyera onse amene ndimawadziwa. Anabwereradi.

Kenako C. anatsamiza mutu pagalasi. Ndinkamuitana, mdala, mdala, kuti asagone. Sindikanatha kumuyang'ana chifukwa cha nyali ija. Ndiye ndinamva fulasiki ikutsegulidwa. Madzi anatayikira pa buluku lake, ena pansi, ndinamva akutukwana chapansipansi. Kenako chikho chinandigunda pachigongono.

"Imwa, dalaivala sayenda kukhosi kouma."

Moyo wanga wonse sindinalandirepo maté kuchokera mbali imeneyo. Anali wozizira, masamba atayandama, woipa kwabasi. Ndinamwa mpaka kampope kanalira, dzanja limodzi pachiwongolero, misozi ikutsikira m'kamwa.

Pamlatho ambulansi inalipodi. Anamunyamula, ine n'kumatsata pambuyo mpaka m'tauni.

Posachedwapa ndinali naye m'chipinda, ndikumuuza kuti Noelia wakwera basi, akubwera. Sanayankhe, ndinkayesa wagona. Kunalowa mlonda wapageti, chipewa chili m'manja. "Pepani, chigalimoto choyera cha ku Formosa chatseka polowera ambulansi. Dalaivala wake ndi ndani?"

C. sanatsegule maso. Anangokweza dzanja, machubu ali lendelende, n'kuloza ine.

Ndikupita ndikachisunthe. Giya yobwerera m'mbuyo sindikudziwa ili pati.