Watsala Mzere Umodzi Wokha

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Mariamu wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo mphuno ndi yanu yomwe. Chimanga chachita bwino, koma usipa ku Nkhudzi wasowa. Ndayamba ndi zimenezi kuti musati ndaiwala ulemu, chifukwa ndakwiya, Amayi. Wandikwiyitsa ndi mlongo wanga Yusufu, uja munkamutama kuti ndi katswiri wa makompyuta.

Poti sadaka yokumbukira imfa yanu yayandikira, ndinafuna kusindikiza kabuku ka mauthenga onse amene munkanditumizira pa foni chiyambireni ine ntchito ku Makokola. Ndinakopera mawu anu mu fayilo imodzi, foni ija ndinaifufuta n'kupatsa azakhali a ku Makanjira. Yusufu anati ali ndi pulogalamu ya Python yokonzera zolemba. Ilibe mabatani. Umalemba dzina lake, kenako timizere tiwiri ndi liwu loiuza chochita. Akanalemba --help, ikanamufotokozera zonse. Koma mwana wanuyo anayamba wafunsapo njira?

Analemba --unique, kuti mzere wobwerezedwa utsale umodzi. Anawonjezera --in-place, kuti zatsopano zilembedwe pamwamba pa zakale. Liwu losungira kope, --backup, analisiya, ati likumuchedwetsa.

Inu mukudziwa zimene munkalemba. Mukangomaliza kuswali m'mawa: "Wadzuka mwanangu? Wadya?" Tsiku ndi tsiku, zaka zonsezi. Titakangana za ukwati wanga, kutacha munalemba. Muli m'chipatala, munalembabe. Pulogalamuyo inasesa zonsezo ngati mankhusu. Watsala mzere umodzi wokha, ngati munandifunsa kamodzi moyo wanu wonse.

Nditalira, iye anati, "Achemwali, mawu ake ndi omwewo, palibe chatayika." Palibe chatayika! Ndinamutulutsa m'nyumba, tiyi wake asanamwe. Chichokereni sitinayankhulane, ndipo azakhali akuti sadaka singachitike ana anu atafulatirana.

Sindinamukhululukire, ndisakunamizeni. Koma lero nditaswali ndinakumbukira kuti amakhala yekha ku Mangochi, ndipo sadziwa kuphika. Munkati, "Ukwiye naye, koma adye." Ndiye ndamulembera, mano ndikukukuta: "Wadzuka? Wadya?"

Ndikulonjeza kuti mawa ndimulemberanso, mkuja chimodzimodzi, mpaka tsiku limene uthengawo sudzabwera. Pamenepo adzadziwa yekha ngati anali mawu omwewo.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Halima