Ankhoswe Asakwerenso Padenga

Bambo a Jasna,

Mukabwerako kowedza kwanuko mupeza matiresi ali panja, musadabwe. Galimoto yathu yogonamoyi yadonthanso ndi mvula ya m'mawa ija, pomwe paja pali makina oziziritsa mpweya padengapo. Madzi atsikira pabedi, mpaka m'thumba la tsabola wouma amene ndimatengera Jasna. Yense wanyowa.

Ndakwera ndekha padenga, ndi mawondo angawa. Ankhoswe athu, a Radovan, dzulo lija anamata silikoni kuzungulira makina onse, n'kutseka ndi timabowo totulukira madzi tomwe. Ndiye madziwo apite kuti? Kwa ife, basi! Pamene chatha ndi labala wa pansi pa makinawo. Ndinanena ine, inu n'kumati, "Mayi, nkhoswe sitsutsidwa, anatigwirira zisoti za ukwati kutchalitchi." Chabwino, lero mufunda zisotizo.

Ndakwera basi ya ku Niš kukagula labala watsopano. Inuyo palani silikoni yenseyo, osati ndi mpeni wanga wa buledi, kenako muphimbe ndi lona mitambo isanabwerere. Mabawuti musawakhudze. Pepani, sindinaphike, mudya tchizi ndi buledi wadzulo.

A Radovan aimba foni, akuti akubwera masana ndi silikoni wina. Kuwabweza simungathe, ndikukudziwani. Bisani makwerero kunsi kwa galimoto, a Radovanwo muwakhazike pamthunzi, muziwathirira kachasu wa rakija mpaka miyendo ikane.

Ndikangowapeza ali padenga, mukagona kwawo, pansi pa denga limene anamata okha.

Slavica