Funso Limene Ndasiya pa Bolodi

Lachiwiri, kumudzi kwa Dzoole. Kunja kwachita mitambo tsiku lonse.

Foni inalira ndili m'kalasi ku Malomo, ana akuloweza vesi lonena za kulemekeza makolo. Anali achemwali: "Bambo atisiya. Bwera." Ndinakawauza ahedi, ndipo anatuma munthu kukafuna njinga yamoto. Podikira ndinabwerera m'kalasi, popeza ndinasowa poima.

Bambo anaphunzitsa pasukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo njira yawo sinasinthe: mwana ayambe waloweza, kenako afunsidwe "chifukwa chiyani?", pomaliza aime afotokoze m'mawu akeake. Ankati Mulungu sanalenge mwana kuti azingobwereza za ena. Ine teremu yonseyi ndathera pa kuloweza basi, poopa mayeso. Lamlungu lapitali anandifunsa za zimenezi, ndinazemba.

Lero ndinawafunsa anawo chifukwa chake timalemekeza makolo. Tadala, mtsikana wosayankhulayankhula, anaima.

"Madamu, nanga ngati bambo ako anakuthawa uli khanda, uziwalemekezabe?"

Bambo anga akanakoka mpando, n'kukambirana naye mpaka belu.

Ndalemba funsolo pa bolodi, ndauza ana kuti asafufute. Maliro ndi Lachinayi. Funso la Tadala likundidikira, ndipo woti ndimufunse palibenso.